Mpweya m'Mabuleki a Kamba

Galimoto ya a Dalaivala anthu a mumsewu wawo ankaitcha Kamba, ndipo eni ake dzinalo sankalikana. "Kamba amafika," ankatero. "Aliwiro aja timawapeza m'ngalande, miyendo ili m'mwamba." Inali galimoto yakalekale, yobiriwira mofuwirira, ya zitseko zolemera zoti ukatseka mosasamala mwana wa nyumba yoyandikana ankadzidzimuka kutulo. Koma injini yake, abale, inkalira mosalala kuposa timagalimoto tadzana tomwe anyamata amanyadira masiku ano.

A Dalaivala anayendetsa malole a kampani ina ya simenti mpaka imvi zitadzaza mutu. Atapuma ntchito dzina linawatsalira, pamodzi ndi pakamwa posatopa. Ukangoimika galimoto pafupi ndi geti lawo, waziputa dala. Ankatuluka chisanza chili paphewa n'kuyamba kukuphunzitsa usanawafunse n'komwe. Oyilo umayeza m'mawa injini isanalire, galimoto ili pamalo osapendekeka. Chivindikiro cha ladiyeta sutsegula injini ikadali yotentha, pokhapokha ngati nkhope yako yakutopetsa. Pansi pa galimoto sulowa ukungodalira jeke, umayamba waikapo chipika. Za magalimoto atsopano ndiye ankangoseka. "Chikomekome cha mkuyu! Ikadwala mpaka mukafunse kompyuta? Galimoto imalankhula yokha, koma anthu ake ndi amene mulibe makutu."

Koma pa nthawi imene tikunena pano pakamwa paja panali patatsekeka, ndipo Kamba anali mbuu ndi fumbi m'shedi yake pambali pa nyumba. Akazi awo, a Telala, anagwa pakhonde m'mawa wina akudula nsalu. Pochokera kuchipatala anabwera ndi mwendo wamanja wolemera, dzanja lamanja lopindika, ndi lilime lochita kukoka mawu amodziamodzi. Dokotala wa mafizo sanabise. Anati mwendowo sunaferetu, koma ukufunika kumaugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku m'miyezi yoyambirira yomweyi. Akauleka uuma, ndipo mayi sadzaimiriranso. A Dalaivala mawuwo anawamva bwino lomwe, ndipo ankawamvanso akamatsuka mbale, akamasesa, akamayanika zovala.

A Telala anamva nawo, koma anangotembenukira kukhoma. Mayi woti moyo wake wonse ankadzuka tambala asanaganize, woti makina ake osokera opondaponda ankamveka mpaka kumsewu, tsopano mafizo ankawakana kwamtuwagalu. Mwana wawo wachisamba, wamkazi, yemwe chiyambire ali wamng'ono ankamutcha Kapitawo chifukwa cholamulira azing'ono ake, anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa, zonse osaphula kanthu. Tsiku lina anakokera makina aja m'chipinda poganiza kuti phazi likaona chopondera chake likumbuka. Phazi linayesadi, koma dzanja linalephera kugwira nsalu, ulusi unapiringizana, ndipo a Telala analira kulira kopanda mawu. Makinawo anawafunditsa n'kuwabweza pakona.

"Ndisiyeni," ankatero a Telala. Mawu okhawo ndi amene ankatuluka bwinobwino.

A Dalaivala ankachita mantha, tisabise. Munthu woti anatsetserekapo paphiri ndi lole yodzaza simenti mvula ikukhuthuka, osatuluka ndi thukuta lomwe, tsopano ankaopa kulowa m'chipinda chake. Zikawakwana ankapita kukakhala mu Kamba, zitseko zotseka, manja pachiwongolero. M'menemo munkanunkhirabe zakale: oyilo, mipando yowauka ndi dzuwa, mafuta odzola omwe a Telala ankapaka akamapita koyenda. Pampando wakumbuyo panali chigamba chomwe a Telala anasoka pamanja, pomwe Kapitawo ali kusukulu anaboola ndi kampasi ya masamu n'kunamizira mlongo wake.

Ankakumbukanso Loweruka. Loweruka linali la Kamba, ndipo panyumbapo ngakhale mlendo ankadziwa. Ana ankatsuka matayala uku akuwazana madzi. A Dalaivala ankapala zoyera zija za pabatire n'kupakapo girisi. A Telala ankakhala pampando wa dalaivala n'kumayatsa nyali imodziimodzi, bambo ali kumbuyo kukuwa kuti, "Yayaka!" Kuyendetsa sanaphunzire ayi. Anayesapo kamodzi ali ndi mwana mmodzi, anagwetsa mpanda wa eni nyumba, ndipo anatsika n'kulumbira kuti zimenezo n'za anthu osaopa Mulungu. Koma ikafika nkhani yochotsa mpweya m'mabuleki, wofanana nawo panalibe.

Ntchito imeneyo, kwa inu amene simunaionepo, ndi ya anthu awiri. M'mapaipi a mabuleki mumayenda mafuta, ndipo mukalowa mpweya chopondera chimafewa, galimoto siima. Ndiye mmodzi amakhala pampando, amaponda kangapo n'kugwira phazi pansi. Winayo ali kuseri kwa tayala ndi sipanala, amamasula kanati kakang'ono, mafuta amatuluka ndi tithovu tawo kudzera m'kapaipi kulowa m'botolo, iye n'kumanganso msanga. Wapampando uja akangonyamula phazi kanati kasanamangidwe, mpweya wabwerera, mwavutika chabe. A Telala phazi lawo linakulira pamakina osokera, moti silinkafulumira, silinkachedwa, ndipo linkamva. Ankatha kunena ali pampando pomwepo kuti, "Mukadali kampweya, bambo, musadzinamize," ndipo kankapezekadi.

"Ine ndinakwatira phazi," a Dalaivala ankauza anzawo, a Telala n'kuwagenda ndi chisanza.

Tsiku lina a Dalaivala anatulutsa Kamba kukatenga mankhwala a mayi. Pobwerera, akukhotera pageti, chopondera buleki chinangolowa mpaka pansi, fwaa, ndipo Kamba anakapsompsona chipilala. Munthu sanavulale, nyali imodzi yokha ndiyo inasweka. Atasuzumira kunsi anapeza kuti kapaipi kalabala ka tayala lakutsogolo kang'ambika ndi ukalamba. Mvula ikakuona litsiro siikata. Kapaipi anagula kena n'kuika okha, koma mpweya unali utalowa kale ponseponse, ndipo kuuchotsa kunafuna munthu wachiwiri.

Loweruka lotsatira Kapitawo anabwera ndi mwamuna wake, munthu wabwino mtima koma waphuma, wogulitsa mafoni, yemwe foni yake yomwe sinkamupatsa mpata wopuma. Anavomera kuthandiza ndi mtima wonse. A Dalaivala anayala katoni, anagona chagada kuseri kwa tayala lakumbuyo, pakuti ntchitoyi umayambira kutali n'kumabwera kufupi ndi dalaivala.

"Pondani, apongozi!"

Chopondera chinalira fukufukufuku.

"Pang'onopang'ono! Simukupha njoka. Gwirani tsopano."

"Ndagwira, bambo."

A Dalaivala anamasula kanati. Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba la mkamwini, ndipo tithovu tomwe tinali titayamba kutsika m'kapaipi tinabwerera komwe tinachokera.

"Mwasiya?"

"Pepani, bambo. Kasitomala."

"Kasitomala wanuyo ndi amene adzaimitse galimotoyi pamtsetse?"

Anayambiranso. Ulendo wachiwiri mkamwini anagwira bwino koma anasiya asanauzidwe. Wachitatu anaponda kalachi m'malo mwa buleki. A Dalaivala anameza mawu ambiri m'mawa umenewo, chifukwa mpongozi sumutukwana, koma sipanala inamenyedwa pansi kangapo.

Kenako kunamveka gogogo pazitsulo za zenera. Shedi ya Kamba inali moyang'anana ndi zenera la kuchipinda, ndipo bedi linali pansi pa zeneralo. A Telala anali atadzuka ndi chigongono chamanzere, akugogoda ndi ndodo ya kuchipatala yomwe chipatsidwire anali asanaigwirepo. Nkhope yawo inali yokwiya, ndipo a Dalaivala anali asanaone chinthu chokongola chotero chiyambire matendawa.

"Aku... thamanga," anatero a Telala. "Sa... kugwira."

"Nanga nditani, mayi? Phazi lomwe ndimadalira lagona."

Ngakhale foni inachita manyazi.

"Ndi... nyamuleni."

Kapitawo anatuluka m'khitchini manja ali thovu lokhalokha. "Amayi, n'zotani zimenezo? Mugwa!" Koma ndani ankamumvera? Bambo ndi mkamwini anawanyamula a Telala ngati mkwatibwi n'kukawakhazika pampando wawo wakale. A Telala anagwira bondo lamanja ndi dzanja lamanzere, anaukoka mwendowo n'kuika phazi pachopondera.

"Bwanji osaponda ndi lamanzere, amayi? Lija lili bwinobwino."

A Telala anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Buleki... ndi lamanja."

A Dalaivala anabwerera pakatoni pawo. "Pondani!" Anadikira. Kumwamba kunkamveka kupuma kolemera ndi kulira kwa sipuling'i ya mpando. "Gwirani!"

"Nda... gwira."

Anamasula. Mafuta m'kapaipi anangonjenjemera, kenako kathovu kamodzi, kakang'onong'ono, kanayamba kukwawa kulowera kubotolo. A Dalaivala anakaperekeza ndi maso mpaka kanafika, ndipo anamanga kanati asakuona bwino chifukwa misozi inali itatsikira m'makutu. "Siyani!" anakuwa. Anabwereza kangapo chabe, a Telala n'kukhala atanyowa ndi thukuta mpaka mpango. Tsiku limenelo ngakhale tayala limodzi silinathe. Koma masana ake a Telala anaitanitsa tiyi wa shuga wambiri, ndipo anawakalipira a Dalaivala chifukwa chokhala pabedi ndi malaya a girisi.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse unali wa Kamba. Dzuwa likangofika pashedi, a Dalaivala ankawanyamula mayi, kuwakhazika, kuwonjezera mafuta a mabuleki m'kabotolo kake ka pansi pa boneti kuti kasaume, n'kupukuta msanga akadonthera, poti mafuta a mabuleki amadya penti. Mwendo unkatopa msanga, choncho tayala limodzi linkawadyera masiku. Popumira, a Dalaivala ankakhala pansi atatsamira chitseko n'kumafukula zakale.

"Mukukumbuka tikukamusiya Kapitawo kusekondale? Matiresi pamwamba, ine n'kumati ndamanga ngati dalaivala weniweni?"

"Ina... uluka."

"Inauluka! Tikuyang'ana kumbuyo, mbuzi zaima pamenepo. Mwana kulira kuti akagona pati, inu kuseka mpaka kukhala pansi pamsewu."

A Telala ankaseka ndi theka la pakamwa, koma kuseka kunali komwe kuja. Ankakumbutsananso za tsiku lomwe anagula Kamba, momwe anayendera mumsewu monse kawiri popanda kopita, mawindo otsegula, kuti adani aone. Za mwana wawo wotsiriza yemwe anatsala pang'ono kubadwira pampando wakumbuyo. Za ana omwe ankalimbirana kukhala kuwindo, lero ena ali ndi magalimoto awo osafuna Loweruka la munthu.

Pang'ono ndi pang'ono matayala akumbuyo anatha, lakutsogolo limodzi linatha, ndipo chopondera chinayamba kulimba. M'mawa wina a Telala anachiponda n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Mawa... timaliza."

Iwo ananena mokondwa, koma a Dalaivala sanakondwe nawo. Timaliza, kenako chiyani? Mafizo a kuchipatala mayi ankawakanabe. Kuyenda ankakanabe. Mwendo unkagwira ntchito pamalo amodzi okha padziko lapansi, ndipo ntchitoyo mawa ikutha.

Masana, a Telala atagona, a Dalaivala anaima nthawi yaitali pambali pa Kamba. Munthu yemwe anakalipira msewu wonse za mabuleki, yemwe ankati woseweretsa mabuleki ndi mfiti, anatenga sipanala, anamasula kanati ka tayala lakumbuyo, anakankha chopondera ndi dzanja n'kuchisiya kuti chibwerere chokha. Anamva kutsopa kwa mpweya ukulowa. Anabwerezanso, kenako anamanga kanati.

"Undikhululukire, mnzanga," anauza Kamba. Makiyi anakawabisa pansi m'bokosi la zida, chifukwa galimoto yopanda mabuleki situluka pageti, kaya zivute bwanji.

M'mawa mwake a Telala ataponda anakwinya nkhope. "Ya... fewanso."

"Magalimoto akale, mayi. Mpweya umabisala m'makona. Tiyeni tiyambirenso."

Anayambiranso. Ndipo ntchito ikatsala pang'ono kutha, mpweya unkapezekanso wabisala. Milungu inadutsa. Mwendo unayamba kukwera wokha pachopondera popanda dzanja kuukoka. Kugwira kunatalika. A Telala anayamba kutsika pampando n'kuima pang'ono atagwira chitseko, ati pofuna kuona ngati bambo akumanga bwino. Koma kuchoka kuchipinda kufika kushedi ankachitabe kunyamulidwa.

Msewu nawo sunagone. "A Dalaivala, mwezi wathunthu mabuleki okha? Kodi si inu munkatiphunzitsa?" Wina anawafunsa ngati akufuna nambala ya makaniko. A Dalaivala ankangomwetulira ndi mano okha. Kokatenga mankhwala ankakwera minibasi, atapanikizika pakati pa madengu, akumva zitsulo zikukhulana kunsi, dalaivala wake ali phee kuimba likhweru. Zinkawawawa koopsa, koma ankameza.

Yemwe sanathe kumeza ndi Kapitawo. Tsiku lokaonana ndi dokotala anachita kubwereka galimoto ya mnzake, pamene ina ili chiimire panyumba, ndipo zinamukwana. Masana ena anangotulukira osanena, atatenga makaniko wa pagalaja ya kumsika, mnyamata waulemu wonyamula chikwama cha zida. Anazungulira nyumba kulowa kushedi. Anapeza sipanala ikulendewera pakanati kotsegula, bambo ake atagwada pakhomo la galimoto, akukankha chopondera ndi dzanja n'kuchisiya.

Makanikoyo anayang'ana sipanala, anayang'ana mkuluyo, ndipo analankhula mosaganiza zoipa. "Pepani, bambo, komatu mukamatero ndiye kuti mukulowetsa mpweya. Simukuchotsa ayi."

Kapitawo anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ababa, mwezi wonsewu mwakhala mukuchita zimenezi?" Mawu ake anatsika, ukali unasanduka chisoni, ndipo chisonicho chinawawa kuposa ukali. "Ndimaona ine kuti chinachake sichili bwino. Mwatopa, ababa. Mutu wachulukidwa. Zimachitika, si zochititsa manyazi."

A Dalaivala anaimirira pang'onopang'ono. Yankho linali pamlomo penipeni. Akanangonena mawu awiri, mwana wawo akanadziwa kuti mutu wa bambo ake uli bwinobwino. Koma zenera lija linali lotsegula, katani ikugwedezeka, ndipo kuseri kwake kunali munthu amene tulo take n'topepuka. Anapukuta manja ndi chisanza.

"Mwina ndatopadi," anatero.

Makaniko anatulutsa kapampu kokoka ndi dzanja, anakalumikiza pakanati, ndipo anayenda tayala ndi tayala yekhayekha. Tiyi yemwe Kapitawo anamupangira anali asanazizire pamene anatseka boneti. Anaponda buleki, ili gwa.

"Masiku ano ntchitoyi sifuna wopondera, bambo," anatero mokondwa, poganiza kuti akuwauza nkhani yabwino.

Kapitawo anapempha makiyi. Anapempha mwaulemu, maso ali pansi, kuti angowasunga kaye mpaka bambo apumule. A Dalaivala anatsegula bokosi la zida, anawavuula pansi pa masipanala n'kumupatsa osatsutsa. Chigulireni Kamba, makiyi amenewo anali asanagonepo kunja kwa nyumbayo.

Alendo atapita, a Dalaivala anasamba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene girisi amafunira, kenako analowa kuchipinda. A Telala anali atakhala tsonga, atatsamira mapilo. Tulo m'maso munalibe.

"Inu," anatero, "simunga... lakwitse... zimenezo."

A Dalaivala anakhala kumiyendo kwa bedi.

"Ku... yambira liti?"

"Tsiku lomwe munati mawa timaliza."

A Telala anapuma mwamphamvu. Dzanja lamanzere linafinya bulangete. "Mwandi... pusitsa. Ngati... mwana. Ine thukuta... inu kuseka."

"Kuseka ayi, mayi. Kunama ndanama, koma kuseka ayi." Kenako anapitiriza: "Ndimaopa. Ndinkakuonani mukuchoka muli m'nyumba momwemuno, ine ndilibe chokugwirani nacho. Mankhwala sindiwadziwa, mafizo sindiwadziwa. Ndimadziwa galimoto basi. Kamba awole pamenepo, anthu anene kuti ndapenga, makiyi apite, zonsezo ndipirira. Koma inu kugona kumeneku mpaka mwendo kuuma, ine sindingathe."

A Telala anadzitsitsa pamapilo n'kuwapatsa msana. Chakudya chamadzulo chinabwerera kukhitchini chosakhudzidwa.

Kutacha a Dalaivala anadzuka alibe chochita. Anapita kushedi, anakhala pampando, anaponda buleki. Inali yolimba bwino, ndipo anavomereza mumtima kuti mnyamata uja ntchito amaidziwa. Anapinda katoni yawo n'kuiika pakona. Botolo la mafuta akuda analitseka n'kuliika pashelufu. Dzuwa linafika pashedi monga mwa masiku onse, iwo n'kubwerera m'khitchini kukaika madzi pamoto, ndipo anakhala pampando akuyang'ana ketulo. Ankadziwa kuti awononga zonse ndi nzeru zawo zomwe, ndipo ankadzida.

Ketulo isanawire anamva kugunda kuchipinda. Anathamanga poganiza kuti mayi agwa. Anawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, mapazi onse awiri ali pansi, ndodo ili kudzanja lamanzere. Mpango anali atamanga okha ndi dzanja limodzi, wapendekekera kukhutu.

"Nthawi... yakwana," anatero a Telala.

"Ntchito inatha, mayi. Mnyamata uja anamaliza dzulo. Mabuleki alimba."

"Ka... masuleni."

A Dalaivala anangoti kakasi.

"Mwagontha? Kamasuleni... kanati kanu. Mulowetse... wambiri." Anapuma, anasonkhanitsa mawu ena. "Ndipo Kapitawo... abweze makiyi. Ndimuuza... ndekha. Muno... mulibe wopenga. Muli... wabodza basi."

A Dalaivala anaseka, kuseka kwake kosokonekera ndi kulira, ndipo anawerama kuti awanyamule monga mwa masiku onse. Ndodo inawagunda pachifuwa.

"Ayi. Imani... uko."

A Dalaivala anabwerera mpaka pakhomo. A Telala anatsamira ndodo, anakankha, anabwerera pabedi. Anakankhanso, mano ali gwa, ndipo anaima. Anagwedezeka ngati agwa chammbali, a Dalaivala manja n'kuuluka okha, koma diso la mayi linawabweza. Phazi lamanzere linapita patsogolo. Lamanja linakhala kaye ngati silikumva, kenako linanyamuka pang'ono, linakhwekhwereza pasimenti n'kukatera pafupi ndi linzake.

"Musandi... yang'ane... ngati galimoto... yogulitsa. Patukani."

A Dalaivala anapatuka pakhomo kuwapatsa njira. Kuchoka pamenepo kufika kushedi kunali kudutsa pabalaza, khitchini ndi khonde, ndipo ankadziwa kuti mwina lero safika. Ketulo inayamba kuwira, inalira, inatayikira pamoto, koma sanapite kukaiphula. Anatsatira akazi awo pambuyo, manja atawapinda kumsana, dzanja lina litagwira linzake mwamphamvu kuti lisathandize.